Ntchito ya m'kalasi ya Chifalansa: momwe mungafufuzire chikhalidwe cha mzinda wa Lubumbashi

Ndikapereka ntchito yoti ana a Fomu 3 akafufuze za mzinda umene anthu ake amalankhula Chifalansa, magulu ambiri amabwera ndi zofanana: chithunzi cha nsanja ya Eiffel, mayina a zakudya zomwe sanazilawepo, ndi ndime ziwiri zokopera pa intaneti zomwe ngakhale woziwerengayo sakuzimva. Mwana amaima kutsogolo n'kumalimbana ndi mawu, anzake akuwodzera. Zimandipweteka mtima, chifukwa ana omwewa madzulo ake amavina nyimbo za ku Congo, amadziwa bwino timu ya TP Mazembe, ndipo ena amasoketsa zovala kwa telala amene Chifalansa chili pakamwa tsiku lonse. Chilankhulo chomwe akukachisaka ku Paris chili pakhomo pomwe.

Malangizo awa ndalembera inu ophunzira komanso aphunzitsi anzanga. Ndatenga Lubumbashi kukhala chitsanzo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma njira yake mungaigwiritse ntchito pa mzinda wina uliwonse. Mufunika masabata atatu, gulu la anthu anayi kapena asanu, kope limodzi la gulu, foni imodzi yokhala ndi bandulo, pepala lalikulu ndi mapensulo amitundu.

1. Sankhani mzinda umodzi, ndipo mudziwe chifukwa chake

Musatenge dziko lonse. Dziko ndi lalikulu, mungothera kutchula mbendera ndi dzina la pulezidenti. Mzinda uli ndi misewu, misika ndi matimu a mpira, zinthu zomwe mungathe kuzigwira. Dakar, Abidjan, Bruxelles, Montréal, Antananarivo, yonseyi ndi mizinda yabwino. Dzifunseni funso limodzi musanasankhe: kodi alipo munthu amene tingamupeze, wokhalako kapena wopitako, woti n'kucheza naye pamaso? Ngati yankho lili ayi, ganizaninso.

Lubumbashi ndimaukonda pa chifukwa chimenechi. Uli kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo, ndipo ndi likulu la chigawo cha Haut-Katanga. Kuchokera pachipata cha Kasumbalesa, m'malire ndi Zambia, ndi mtunda wosakwana makilomita 100. Nthawi ya pawotchi ndi yofanana ndi yathu. Mvula imagwa miyezi yomwe imagwa kwathu kuno, ndipo Juni ndi Julayi kumazizira chimodzimodzi. Madalaivala athu a mathiraki amafikako. Ndiponso mbiri ya makolo imati Amaravi anachokera ku Uluwa, dziko la Aluba, lomwe lili m'dera lomwelo la Katanga. Mwana akamva zimenezi amakhala tsonga, chifukwa akuona kuti sakuphunzira za anthu achilendo kwenikweni.

2. Konzani kope ndi funso lanu

Tsamba lililonse ligaweni patatu. Kumanzere muzilemba chomwe mwapeza, m'Chichewa ngati mukufuna. Pakati muzilemba mawu a Chifalansa omwe mwatola pa nkhaniyo. Kumanja muzilemba komwe mwazipeza: wailesi, buku, munthu, tsamba la pa intaneti. Mbali yachitatuyi ana amaizemba, koma mudzaifuna mukadzafika pa gawo 8.

Pachikuto lembani funso limodzi lomwe ntchito yonse iyankhe. Lomwe ndimalimbikitsa ndi ili: *Comment se passe une journée à Lubumbashi ?* Kodi tsiku la munthu wa ku Lubumbashi limayenda bwanji, kuyambira podzuka mpaka pogona? Chilichonse chomwe sichikuthandiza kuyankha funsoli chisiyeni, ngakhale chikhale chokongola chotani.

3. Jambulani mapu ndi dzanja lanu

Tsegulani mapu a pafoni, muyang'ane mzindawo kuchokera kumwamba, kenako muujambule papepala lalikulu. Osasindikiza ayi. Dzanja likajambula, mutu umasunga.

Yambani ndi makomini asanu ndi awiri, omwe m'Chifalansa amati *les communes*: Lubumbashi, Kamalondo, Kenya, Katuba, Kampemba, Ruashi ndi Annexe. Inde, Kenya ndi dera la mumzindamo, ndipo ana amaseka akamva koyamba. Ikaninso *la gare*, komwe kumaima sitima, *la cathédrale Saints-Pierre-et-Paul*, *le Musée national*, *l'Université de Lubumbashi*, bwalo la ndege la Luano, ndi mtsinje wa Lubumbashi umene unapatsa mzindawu dzina.

Tsopano yang'anitsitsani. Pakati pa tawuni misewu ndi yotakasuka, yoongoka, yodutsana ngati mizere ya m'kope la masamu. Mukasunthira ku Kamalondo, Kenya kapena Katuba, nyumba zathithikana, mabwalo ndi aang'ono. Funsani gulu lanu kuti chifukwa chiyani. Yankho lake ndi mawu awiri omwe muyenera kuwalemba m'kope: *la ville* ndi *la cité*. M'nthawi ya atsamunda a ku Belgium, *la ville* kunali kokhala azungu, *la cité* kunali kokhala anthu akuda, ndipo pakati pake anasiyapo dala malo olekanitsa. Wa ku Blantyre akangoganiza za Sunnyside ndi Ndirande amva msanga. Mwaona kuti mapu akuphunzitsani mbiri musanatsegule buku?

Chinthu chomaliza kujambula chikhale chachikulu kuposa zonse: chumuni chachitali cha fakitale ya kampani ya migodi ya Gécamines ndi chimulu chakuda chapambali pake. Chimulucho ndi zotsalira poyenga mkuwa, zomwe zinaunjikana kwa zaka zambiri mpaka kukhala ngati phiri. Amachitcha *le terril*, chumuni n'kukhala *la cheminée*. Ziwirizi ndizo chizindikiro cha mzindawu. Munthu wa kumeneko akaziona pachithunzi amadziwa kuti ndi kwawo.

Mukamaliza, aliyense m'gulu anene ziganizo zitatu akuloza pamapu: *La gare se trouve au centre-ville. Le stade est à Kamalondo. L'aéroport est loin du centre.* Mawu olozera malo omwe amakuvutani pamayeso, monga *près de*, *loin de*, *à côté de*, *entre*, apa alowa okha.

4. Tengani zaka zochepa za mbiri, muzitchule mokweza

Musalembe mbiri yonse. Zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zakwana, bola mudziwe chomwe chilichonse chinasintha pa moyo wa anthu.

Mu 1906 kunakhazikitsidwa kampani ya Union Minière du Haut-Katanga kuti izikumba mkuwa. Mu 1910 mzindawu unayambika pafupi ndi mgodi wotchedwa Étoile, chaka chomwe njanji yochokera ku Northern Rhodesia (Zambia wa lero) inafikanso. Anaupatsa dzina loti Élisabethville, potengera mfumukazi Élisabeth ya ku Belgium. Ambiri mwa antchito oyambirira a m'migodi anachokera kutsidya la malire, ku Zambia wa lero. Pa 30 Juni 1960 Congo inalandira ufulu, ndipo pa 11 Julayi chaka chomwecho Moïse Tshombe, mtsogoleri wa chigawo cha Katanga, analengeza kuti Katanga yadzipatula, likulu lake n'kukhala mzinda womwewu. Kudzipatulako kunatha mu Januwale 1963. Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya dzikolo, anaphedwa kufupi ndi mzindawu pa 17 Januwale 1961. Mu 1966, m'nthawi ya Pulezidenti Mobutu, dzina linasintha kukhala Lubumbashi. Chaka chotsatira boma linatenga migodi, ndipo kampani yake inadzadziwika kuti Gécamines.

Imani pang'ono pa kampaniyi, chifukwa simungawamvetse anthu a ku Lubumbashi popanda iyo. Kwa zaka zambiri inkapatsa antchito ake nyumba, chakudya, sukulu za ana ndi chipatala. Anthu mpaka ankati m'Chiswahili chawo, *Gécamines njo baba, njo mama*, kutanthauza kuti kampaniyo ndiyo bambo, ndiyonso mayi. Itayamba kugwa m'zaka za m'ma 1990, mabanja ambiri anasowa pogwira, ndipo mu 2003 antchito pafupifupi 10,000 anachotsedwa. Lero mukamva mawu oti *creuseur*, akunena munthu wokumba miyala ya mkuwa ndi kobati ndi manja ake, ndi piki ndi fosholo. Ngati kwanu kuli agogo omwe anapita ku Theba kapena ku Wenela, afunseni za moyo wa m'komboni ya pamgodi. Zomwe angakuuzeni zikuthandizani kumva nkhani ya Lubumbashi kuposa ndime khumi za pa intaneti.

Zaka zonsezi muzitchule m'Chifalansa, mokweza, mpaka lilime lizolowere: *mille neuf cent dix, mille neuf cent soixante, mille neuf cent soixante-six*. Apa pali kanthu kokoma. Buku lanu limati 70 ndi *soixante-dix*, 90 ndi *quatre-vingt-dix*. Ku Congo, monga ku Belgium, amati *septante* ndi *nonante*. Zonse ndi Chifalansa cholondola. Pamayeso lembani za m'buku, koma pa ntchito iyi gwiritsani za ku Lubumbashi, ndipo mufotokozere kalasi chifukwa chake zili choncho. Nambala ziwiri zokhazi zikuonetsa amene analamulapo dzikolo.

5. Tcherani khutu tsiku lililonse, mphindi khumi zokha

Sabata yoyamba yonse, gulu lizikumana pa nthawi yopuma n'kumvetsera. Radio Okapi, yomwe inayamba kuulutsa mu 2002, ili ndi nkhani za m'zigawo zonse za Congo m'Chifalansa, ndipo zambiri zimalembedwanso patsamba lake. Sakani dzina loti Lubumbashi, musankhe nkhani yaifupi. Ngati liwiro lakukulirani, yambani ndi *Journal en français facile* ya wailesi ya RFI, yomwe amalankhula modekha ndipo mawu ake amawalemba kuti muzitsatira ndi maso. Koperani mukakhala pamalo a netiweki yabwino kuti bandulo isathe msanga.

Musayese kumva zonse. Ulendo woyamba gwirani mayina ndi manambala okha. Ulendo wachiwiri tolani mawu atatu achilendo. Mudzakumana ndi mawu omwe buku silinakupatseni koma moyo wake mukuudziwa: *délestage*, kuzimazima kwa magetsi, *cambiste*, wosintha ndalama m'mbali mwa msewu, poti kumeneko ndalama ya franc congolais imayendera limodzi ndi dola ya ku America, *parcelle*, puloti ya pakhomo pomwe mabanja angapo amatha kukhalira limodzi.

Kwa anyamata ndi atsikana okonda mpira, khomo lolowera ndi TP Mazembe. Zilembo ziwirizo zikuimira *Tout Puissant*, wamphamvu zonse. Timuyi inayambitsidwa mu 1939 ndi ansembe Achikatolika a gulu la Benedikito Woyera, ndipo bwalo lake lili ku Kamalondo. Amavala zakuda ndi zoyera, ndipo amatchedwa *les Corbeaux*, akhwangwala, ngakhale pachizindikiro chawo pali ng'ona yoluma mpira. Anatenga chikho chachikulu cha makalabu a mu Africa kasanu: 1967, 1968, 2009, 2010 ndi 2015. Mu 2010 anakhala timu yoyamba ya mu Africa kufika mu ndime yomaliza ya chikho cha makalabu a dziko lonse, atagonjetsa Internacional ya ku Brazil 2-0, kenako n'kugonja kwa Inter Milan 3-0. Rainford Kalaba ndi Stoppila Sunzu a ku Zambia anasewerako, Joseph Kamwendo wathu anapitakonso. Mdani wawo wa mumzinda ndi Saint-Éloi Lupopo, timu ya anthu a njanji, *les Cheminots*. Pezani kanema waufupi wa masewero awo wokhala ndi muulutsi wa Chifalansa. Zomwe zikuchitika mukuziona ndi maso, choncho *le gardien*, *coup franc*, *hors-jeu*, *mi-temps* ndi *but* simufunika kuwasaka mu dikishonale.

6. Lowani kukhitchini

Apa ndi pomwe ana amadabwa kwambiri. Chakudya chenicheni cha ku Lubumbashi ndi *bukari*, ndipo bukari ndi nsima, yophikidwa ndi ufa wa chimanga, nthawi zina wosakaniza ndi wa chinangwa. Ufa wambiri umalowa kuchokera ku Zambia. Ndiwo yodziwika ndi *sombe*, chigwada chosinja, chomwe ku Kinshasa amati *pondu*, m'Chifalansa *les feuilles de manioc*. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amakonda kuphikira mafuta ofiira a kanjedza, *l'huile de palme*, pomwe ife timathira nsinjiro. *Lenga-lenga* ndi bonongwe. Nsomba yomwe amati *thomson* ndi kalapawu. *Michopo* ndi kanyenya, kawirikawiri wa mbuzi, wowotchedwa m'mbali mwa msewu. Amadyanso *les chenilles*, za mtundu wa mphalabungu ndi matondo, amamwa *munkoyo*, chakumwa cha chimanga chofanana ndi thobwa koma chothiramo mizu, ndipo *kikanda* ndi chikande chomwe chija.

Lembani tebulo la mizere itatu: dzina la ku Lubumbashi, dzina la Chichewa, ndi kufotokoza kwake m'Chifalansa. Kenako lembani kaphikidwe ka ndiwo imodzi pogwiritsa ntchito mawu olamula: *Lavez les feuilles. Pilez-les dans un mortier. Ajoutez l'oignon et l'huile. Laissez cuire.* Tsukani masamba, asinjeni mumtondo, thirani anyezi ndi mafuta, asiyeni apse. Ndikulangizani kuti muphikedi. Chigwada chimafuna kuwira nthawi yaitali kuti ululu wa m'masamba uchoke, choncho pemphani amayi kapena azakhali akuyang'anireni. Mbale imodzi ya sombe patebulo la m'kalasi imadzutsa ngakhale wogona wa kumbuyo.

7. Kacheze ndi munthu

Ili ndilo gawo lalikulu, ndipo ndi lomwe ana amaliopa. Safunsa anadya phula. Zonse mwachita pamwambazi zinali zokukonzekeretsani kuti mukakhale pansi ndi munthu wa kumeneko muli ndi choti mufunse.

Mumupeza kuti? Funsani aphunzitsi, funsani kutchalitchi, funsani kumsika. M'matawuni athu muli anthu a ku Congo osoka zovala, okonza tsitsi, oimba, ochita malonda. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, komwe kwakhala msasa wa othawa kwawo kuyambira mu 1994, kuli anthu ambiri olankhula Chifalansa ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Chikondwerero cha Tumaini chomwe chimachitikira kumeneko chinayambitsidwa mu 2014 ndi mlakatuli Menes La Plume, yemwe kwawo ndi ku Lubumbashi. Ngati sukulu yanu ili kufupi, pemphani aphunzitsi akonze ulendo motsata ndondomeko. Ngati muli kutali, dalaivala wa thiraki amene amadutsa pa Kasumbalesa angakuuzeni zambiri za msika ndi msewu, ngakhale mutacheza naye m'Chichewa.

Musapite nokha, ndipo makolo ndi aphunzitsi adziwe komwe mwapita. Pitani awiri kapena atatu. Yambani mwapempha tsiku, musangotulukira munthu ali pakati pa ntchito.

Za ulemu simufunika kuphunzitsidwa kwambiri, chifukwa Chichewa chinakuphunzitsani kale. *Tu* ndi iwe, *vous* ndi inu. Simunganene kuti "iwe" kwa munthu wa msinkhu wa mayi anu, choncho *tu* isatuluke pakamwa panu. Ku Congo munthu wamkulu amamuitana *Maman* kapena *Papa* ngakhale si kholo lako, monga ife timati amayi, abambo. Yambani chonchi:

*Bonjour Maman, excusez-nous de vous déranger. Nous sommes élèves et nous apprenons le français. Est-ce que nous pouvons vous poser quelques questions sur Lubumbashi ?*

Konzani mafunso asanu ndi limodzi, osapitirira apo, ndipo akhale ofuna nkhani, osati inde kapena ayi:

*Vous habitiez dans quelle commune ?*
*Comment alliez-vous à l'école ?*
*Qu'est-ce qu'on mange le dimanche ?*
*Quelle langue parliez-vous à la maison ? Et au marché ?*
*Comment se passe un mariage chez vous ?*
*Mazembe ou Lupopo ?*

Lomalizalo limamasula anthu kuposa onse. Sunganinso pafupi chiganizo chopulumukira: *Pouvez-vous répéter lentement, s'il vous plaît ?* Palibe manyazi kupempha munthu kuti abwereze modekha.

Pali mafunso omwe simuyenera kufunsa. Musafunse chomwe chinamuchotsa kwawo, za nkhondo, za mapepala ake okhalira m'dziko muno, kapena za abale omwe anatsala. Ena anadutsa m'zowawa zomwe si zoti mwana wa sukulu azitokosa chifukwa cha malikisi. Akayamba yekha kukamba, mvetserani mwaulemu, koma musakazinene m'kalasi. Musajambule mawu kapena chithunzi asanavomere, ndipo dzina lake musalitchule pofotokoza pokhapokha atalola.

Ndinaperekezapo atsikana atatu kwa mayi wina wosoka zovala, wobadwira ku Katuba. Anafika akunjenjemera, kope lili m'manja. Woyamba anawerenga moni uja mothamanga ngati akuthawa galu. Mayiwo anaimitsa makina, n'kuchotsa mapini omwe anali nawo pakamwa, n'kuti, *Doucement, ma fille*, pang'onopang'ono mwanangu. Atafika pa funso la chakudya, mayiwo anayamba kufotokoza sombe, manja akusinja m'malere, akutchula *mortier* ndi *pilon*. Mtsikana mmodzi anangofuula kuti, "Aa, ndi chigwada chimenecho!" Mayiwo anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kumuuza kuti abwereze mawuwo kuti nawonso awadziwe bwino. Kuyambira pamenepo kope linaiwalika. Anacheza pafupifupi ola lathunthu, Chifalansa chothyokathyoka chikusakanikirana ndi Chichewa ndi Chiswahili. Pobwerera, mtsikana amene samakweza dzanja m'kalasi ndi amene ankabwereza *septante*, *septante* njira yonse, chifukwa mayiwo anamuuza chaka chawo chobadwa ndipo iye anamva yekha.

Potsazika thokozani kawiri: *Merci beaucoup, Maman*, ndiponso *aksanti*, momwe amathokozera m'Chiswahili cha ku Congo. Kapaketi ka shuga kapena sopo sikalakwika. Mukangofika kunyumba lembani zonse tsiku lomwelo, mutu usanataye.

Kuchokera pa kuchezaku mupeza chinthu chomwe muyenera kuchinena poyera m'kalasi. Ku Lubumbashi Chifalansa ndi chilankhulo cha boma, cha sukulu, cha m'maofesi ndi cha nyuzipepala, koma cha pamsika, cha m'minibasi ndi cha m'makomo ambiri ndi Chiswahili, chokhala ndi kakomedwe kakekake kosiyana ndi ka ku Tanzania. Mumvanso Chiluba, Chibemba ndi Chilingala. Dziko la Congo lili ndi zilankhulo zinayi zomwe boma linazipatsa ulemu wapadera: Chilingala, Chiswahili, Chikongo ndi Chiluba. Munthu mmodzi amatha kuyamba chiganizo m'Chiswahili n'kuchimaliza m'Chifalansa, monga momwe ife timachitira ndi Chichewa ndi Chingerezi. Mukabisa zimenezi n'kuonetsa ngati aliyense kumeneko amalankhula za m'buku, mwanamiza kalasi.

8. Sefani zomwe mwapeza

Bwererani ku mbali ya kumanja ya kope lanu. Chaka chilichonse ndi nambala iliyonse zikhale zoti mwazipeza m'malo awiri osiyana. Chomwe chili pamalo amodzi chichotseni kapena mufunse aphunzitsi.

Mudzaona kuti chiwerengero cha anthu a mumzindawu chikusiyana patsamba lililonse. Chifukwa chake n'chakuti kalembera womaliza wa anthu m'dziko la Congo anachitika mu 1984, ndipo manambala a masiku ano ndi ongoyerekeza. Nenani kuti *plus de deux millions d'habitants*, anthu oposa 2 miliyoni, ndipo mufotokoze chifukwa chomwe simukutchulira nambala yeniyeni. Mphunzitsi aliyense amakondwa ndi mwana wotere.

Zomwe munthu mmodzi wakuuzani ndi za iyeyo. Nenani kuti *selon la dame que nous avons rencontrée*, malinga ndi mayi omwe tinacheza nawo. Musanene kuti anthu onse a ku Congo amatero.

Ndipo makina omasulira a pafoni agwiritseni ntchito pa liwu limodzilimodzi. Mukawapatsa ndime yonse, akupatsani Chifalansa chomwe simungathe kuchitchula kapena kuchiteteza mnzanu akakufunsani funso.

9. Onjezani chinthu chimodzi cha luso

Chimodzi chokha, chomwe gulu lachikonda. Mungatenge *la croisette*, kamtanda ka mkuwa komwe anthu a ku Katanga ankagwiritsa ntchito ngati ndalama azungu asanafike. Kaumbeni ndi dongo. Mungatenge zosema za mwala wobiriwira wa malachite zomwe amisiri a ku Ruashi amadziwika nazo. Mungakambe za Jean-Bosco Mwenda, katswiri wa gitala wa ku Katanga amene kaimbidwe kake kanafalikira mpaka ku Kenya ndi Tanzania m'zaka za m'ma 1950, kapena za *karindula*, nyimbo za m'makomboni zoimbidwa ndi chibanjo chachikulu, zachibale ndi kalindula wa ku Zambia. Okonda zithunzi asake ntchito za Sammy Baloji, wobadwira mumzindawu mu 1978, amene amajambula mabwinja a migodi ndipo ndi mmodzi mwa omwe anayambitsa chionetsero cha Biennale de Lubumbashi mu 2008. Rumba ya ku Congo, yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2021, ndi yanunso, koma dziwani kuti likulu lake ndi Kinshasa ndi Brazzaville.

10. Konzani zokanena, ndipo muyeserere

Mphindi zisanu ndi zitatu zakwana. Tsatani tsiku la munthu mmodzi wongomuganizira, mtsikana wa sukulu wa ku Katuba mwachitsanzo, kuyambira *le matin* kudutsa *à midi* mpaka *le soir*. Adzuke pa *parcelle*, akwere *taxi-bus*, aphunzire m'Chifalansa, agule thomson m'Chiswahili, adye bukari, amvere mpira wa Mazembe pawailesi magetsi atazima. Mbiri ilowe pomwe akudutsa pafupi ndi *le terril*. Aliyense m'gulu atenge chigawo chimodzi cha tsikulo, ndipo aziloza pamapu pomwe mtsikanayo wafika.

Ziganizo zikhale zazifupi, zoti mungazinene osayang'ana pepala. Papepala lanu pakhale mawu asanu okukumbutsani, osati ndime. Gwiritsani ntchito *comme chez nous* pomwe zikufanana ndi kwathu, ndi *par contre* pomwe zikusiyana: *À Lubumbashi, on mange le bukari, comme chez nous. Par contre, on prépare les feuilles de manioc avec l'huile de palme.* Anthu a mumzindawu amatchedwa *les Lushois*, mkazi ndi *une Lushoise*. Liwu limeneli litchuleni kamodzi kapena kawiri, kalasi ilitole.

Yesererani katatu, wina atagwira wotchi. Ulendo wachitatu imani panja, mnzanu aime patali masitepe khumi. Ngati sakukumvani, a kumbuyo kwa kalasi sadzakumvaninso. Lembani mawu asanu atsopano pabolodi musanayambe, ndipo konzani mafunso atatu oti mufunse kalasi pomaliza, wopambana alawe sombe. Ngati aphunzitsi akulolani kusankha tsiku, pemphani 20 Malichi, tsiku lokumbukira mayiko olankhula Chifalansa.

Sabata yomweyo, bwererani kwa mayi kapena bambo munacheza nawo aja, mapu anu ali m'manja. Aonetseni pomwe mwalemba dzina la komini yawo, ndipo muwapatse pensulo akonze pomwe mwalakwitsa.